Nati yosowa imene imaimitsa makina a mmisiri ku Mitundu ndi ku Nathenje

Miyendo ya mabedi ndi matebulo imene timaiona yobulungira bwino, yokhala ndi timakosi ndi timikanda, m'mashedi a akalipentala pa Mitundu, pa Nathenje ngakhale pa Nanjiri, sisemedwa ndi sompho ayi. Imakulungidwa pa makina ozunguza mtengo mwaliwiro, mmisiri n'kumangogunditsa chizulo, zopalapala zikuuluka. Makinawa amisiri amawatchula kuti lathe. Ena ndi akalekale ochokera ku Britain, ena adabwera ndi anyamata obwerera kuchokera ku Joni, ena ndi atsopano a ku China. Aliponso opangidwa konkuno ndi owotcherera: mota, lamba, shafuti, mabeling'i awiri ndi zitsulo ziwiri zazitali zoyalapo zonsezo.

Kugwira mwendo wa bedi pa makinawa n'kosavuta. Mtengo umapanidwa mbali zonse ziwiri, kumutu ndi kachitsulo ka mano, kumchira ndi kachitsulo kosongoka, basi ntchito yayamba. Vuto limabuka mmisiri akafuna kukulunga mbale, bakuli, thireyi, chivundikiro kapena pokhalira pa situlu. Zinthu zoterezi zimakumbidwa mkati kapena kusalazidwa kumaso, choncho thabwa liyenera kugwiridwa mbali imodzi yokha. Chogwira thabwalo ndi chimbale chachitsulo chokhala ndi mabowo a masikuluwu, ndipo chimbalecho chimamangidwa kunsonga ya shafuti ndi mazinga. Makina ogula kwa munthu nthawi zambiri amafika chimbale chitatayika kale. Kuchipanga si nkhani, pakuti wowotcherera aliyense angathe kudula chitsulo chozungulira n'kuwotchererapo nati pakati. Chovuta ndi natiyo. Ikasowa, makina amene akadatulutsa katundu wamitundumitundu amathera pa miyendo ya mabedi zaka ndi zaka.

Ulendo wosaka nati umayambira m'mahadiweya a pamsika. Kuchoka apo mmisiri amapita kwa okonza ngolo ndi zigayo, kenako amakwera minibasi ya ku tauni kukazungulira Malangalanga, Biwi ndi Mchesi, mwina mpaka ku Kanengo. Kulikonse kumene wafika mafunso ake ndi omwewo. Iye amati, "Bambo, nati yaikulu chonchi muli nayo?" Wogulitsa amayankha, "Ya sipanala yanji, madala?" Wogulitsayo sadalakwe. Pa mabawuti a tsiku ndi tsiku funsoli limakwanira: ya 13, ya 17, ya 19, munthu n'kulipira n'kumapita. Koma nambala ya sipanala imanena za kunja kwa nati, pamene chimene shafuti ikufuna chili mkati.

Mkatimo muyenera kugwirizana zinthu zinayi. Pali kukula kwa bowo, kutalikirana kwa mazinga, kapendekedwe ka dzino lililonse la mazingawo, ndiponso kumene amalowera, kumanja kapena kumanzere. Chimodzi chikaphonyeka, nati imalowa pang'ono n'kuima, apo ayi imalowa ikugwedera. Zimene zidachititsa kuti makina ooneka ofanana azisiyana chonchi zidayambira kutali ndi dera lino.

Miyezo ya mayiko atatu m'mulu umodzi wa zitsulo

Kale ku Ulaya fakitale iliyonse inkasema mazinga akeake, moti nati ya kwina sinkalowa pa bawuti ya kwina. Cha m'ma 1800, Henry Maudslay wa ku London adakonza makina amene ankasema mazinga ofanana nthawi zonse. Mmodzi mwa anthu amene adagwirapo ntchito kwa iye, Joseph Whitworth, adasonkhanitsa mabawuti a m'mafakitale osiyanasiyana n'kuwayerekeza, ndipo mu 1841 adapereka muyezo umodzi: dzino la madigiri 55, lobulungira kunsonga, ndi chiwerengero chokhazikika cha mazinga pa inchi malinga ndi kukula kwa bawuti. Makampani a njanji adautengera, ndipo udafalikira kulikonse kumene Angerezi ankalamulira. Ndiwo umene umalembedwa kuti BSW, ndipo mng'ono wake wa mazinga othithikana ndi BSF.

Ku America sadautsatire. Mu 1864 William Sellers wa ku Philadelphia adati dzino la madigiri 60 ndilo losavuta kusema ndi kuyeza, ndipo dziko lake lidamumvera. Kusiyanaku kudawasautsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene zida za mayiko omenya nkhondo mbali imodzi zinkalephera kubwerekana mabawuti. Mu 1949 America, Britain ndi Canada adagwirizana za muyezo wina wa mainchi, umene timauona ngati UNC ndi UNF. Nthawi yomweyo bungwe la miyezo la dziko lonse, ISO, limene lidayamba mu 1947, lidaika komiti yake yoyamba yeniyeni pa nkhani ya mazinga. Kumeneko ndi kumene kudakhazikika manati a mamilimita, aja oyamba ndi chilembo M, amene adzaza m'mahadiweya athu lero.

Dziko lathu lidalandira miyezo yonseyi, wina pambuyo pa unzake, ndipo palibe umene udachoka. Injini zakale za Lister zimene zinkayendetsa zigayo zidabwera ndi mazinga a Whitworth. Mathirakitala a Massey Ferguson a m'maesiteti a fodya adabwera ndi mabawuti a mainchi a UNF ndi UNC. Galimoto za ku Japan ndi njinga zamoto za kabaza ndi za mamilimita. Mapaipi achitsulo a madzi mpaka pano ali pa muyezo wa Angerezi wotchedwa BSP. Jeke yodindira fodya, imene mlimi wa ku Mitundu amaidziwa bwino, ili ndi chibawuti cha mazinga akeake, amphwamphwa, opangidwira kukankha katundu wolemera. Mukavundukula mulu wa zitsulo zakutha kwa wowotcherera, zonsezi mumazipeza zitasakanikirana, dzimbiri litazifananitsa.

Opanga makina okulungira mitengo adangowonjezera chisokonezo. Panalibe lamulo lowauza mazinga oti aike kunsonga ya shafuti, ndipo aliyense adasankha ake.

Saizi yofala kwambiri pa makina ang'onoang'ono, makamaka opangidwira msika wa ku America, ndi inchi imodzi, mazinga 8 pa inchi. Mwini makina otere ali ndi mwayi, chifukwa imeneyi ndi nati wamba ya UNC, ndipo ogulitsa zipangizo za mathirakitala ndi makina olemera amaidziwa. Nati ya Whitworth ya inchi imodzi ilinso ndi mazinga 8, ndipo kawirikawiri imalowa, ngakhale mano ake sakhudzana mokwanira chifukwa cha kusiyana kwa madigiri kuja. Makina ena ang'ono, monga akale a Record Power a ku Sheffield, ali ndi shafuti ya ¾ ya inchi ndi mazinga 16, imene ndi nati wamba ya UNF.

Amene amazunzika kwambiri ndi wa shafuti ya mainchi 1¼ ndi mazinga 8. Akanena kuti akufuna nati ya inchi ndi kota, amampatsa, iye n'kubwerera kwawo ali wokondwa. Kufika pa shedi, nati ikukana. Nati wamba ya saizi imeneyi, kaya ya UNC kaya ya Whitworth, ili ndi mazinga 7 pa inchi, osati 8. Ya mazinga 8 ilipo ndithu, koma ili m'gulu lina lotchedwa 8UN, limene limagwira ntchito pa mabawuti olumikiza mapaipi akuluakulu a mafuta ndi nthunzi. Kofunsa ndi kwa ogulitsa zipangizo za m'mafakitale, ndipo pofunsapo atchule mazinga 8 aja, asangonena kukula kokha.

Makina ambiri atsopano a ku Ulaya ali ndi M33 x 3.5, kutanthauza shafuti ya mamilimita 33, mazinga otalikirana mamilimita 3.5. Iyi ndi nati ya muyezo wa ISO, yomangidwa ndi sipanala ya 50, koma ili m'gulu la masaizi osagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. N'chifukwa chake pa shelefu pamapezeka M30 ndi M36, M33 n'kudumphidwa. Apa pali msampha umene wagwira amisiri ambiri. Soketi ya paipi ya madzi ya inchi imodzi ili ndi mazinga a mamilimita 33 ndi kadontho, moti poyang'ana ndi maso imaoneka ngati ndi yomweyo. Koma mazinga ake ndi 11 pa inchi, othithikana kwambiri. Imagwira kamodzi kokha n'kuluma.

Nawo makina akale a ku Britain, aja olemera a chitsulo chosungunula amene mabungwe achifundo amatumiza kuno masukulu a kwawo akawasiya, ali ndi zawo. Union Graduate ali ndi shafuti ya mainchi 1½ ndi mazinga 6, saizi imene nati yake ndi wamba pa muyezo wa Whitworth. Myford ML8 ali ndi inchi imodzi ndi mazinga 12, choncho nati ya mazinga 8 ija, ngakhale bowo lake ndi lofanana, singalowe.

Makina akalewa ali ndi mazinga mbali zonse ziwiri za mutu. Mbali ya kunja ndi yokulungira mbale zazikulu zimene sizingakwane pamwamba pa bedi la makina, ndipo mazinga a kumeneko amalowera kumanzere. Chifukwa chake wokonza njinga aliyense pa Nathenje amachidziwa: pedulo ya kumanzere ili ndi mazinga a kumanzere kuti isamasuke munthu akupalasa. Pa lathe mtengo umazungulira kubwera kwa mmisiri. Mbali ya mkati, kukana kwa chizulo kumalimbitsa nati ya kumanja. Mbali ya kunja shafuti yomweyo ikuzungulira momwemo, koma chimbale chalowera mbali inayo, choncho nati ya kumanja ingamasuke yokha ntchito ili mkati. Manati a kumanzere a masaizi awa sapezeka wamba. Malole ambiri a ku Japan ali nawo pa mawilo a kumanzere, olembedwa L, koma ndi a mamilimita ndiponso a mazinga othithikana. Nati ya mbali ya kunja nthawi zambiri imachita kusemetsedwa.

Kapepala ndi rula

Chimene chimandikhudza pa nkhani yonseyi n'chakuti mmisiri amawononga ndalama za minibasi ndi masiku a ntchito chifukwa cha chinthu chimene angathe kuchidziwa asadachoke pa shedi pake, ndi zida zimene ali nazo kale. Amene ali ndi vernier, kachipangizo koyezera kukula kwa zitsulo, ntchito yake ndi ya mphindi imodzi. Amene alibe adule kapepala kakatali, akakulunge mothina pamwamba pa mazinga, aike chizindikiro pamene kakumana, akatambasule n'kukayeza ndi rula. Akapeza mamilimita pafupifupi 80, shafuti ndi ya inchi imodzi. Pafupifupi 94 ndi M30. Pafupifupi 100 ndi inchi ndi kota, 104 ndi M33, ndipo 120 ndi inchi ndi theka. Shafuti yakutha imapereka nambala yocheperako pang'ono, koma masaiziwa ndi otalikirana mokwanira kuti munthu asasokonezeke.

Kutalikirana kwa mazinga kumafuna diso lofatsa. Apukute shafuti, aikepo pepala loyera, alikhutize ndi pensulo kapena ndi chala chamafuta kufikira mizere itaoneka. Kenako ayeze kuchoka pa mzere woyamba kufika pa wachisanu ndi chimodzi, ndiyo mipata isanu. Mamilimita 17.5 ndiye kuti mazinga ndi a 3.5. Akatsala pang'ono kufika 16, ndi mazinga 8 pa inchi. Akapitirira 21 pang'ono, ndi mazinga 6. Akapitirira 10 pang'ono, ndi mazinga 12. Kulakwitsa kofala ndi kuwerenga mizere ya pa inchi imodzi m'malo mwa mipata, ndipo kumeneko ndi kumene 7 amasanduka 8. Pepalalo apite nalo ku tauni, akaligunditse pa bawuti ya m'sitolo imene nati akufuna kugulayo ikulowa bwino. Mizere ikagwera pamodzi yonse, wapeza.

Pali chizolowezi chimene ndingakonde chitatheratu m'mashedi athu, chokakamiza nati ndi sipanala yowonjezera paipi, ati ikalowa ipanga njira yake. Tiyeni tione zimene zimachitika mkatimo. Nati ya M33 ikaikidwa pa shafuti ya inchi ndi kota, imayamba kulowa mosavuta chifukwa bowo lake ndi lokulirapo. Koma ikazungulira kamodzi imayenda mamilimita 3.5, pamene mazinga a shafuti akutalikirana 3.175. Pofika kasanu, kusiyanako kwakwana theka la dzino, ndipo dzino likukwera pa linzake. Wokakamiza pamenepo akuphwanya mazinga a shafuti. Nati ndi ya ndalama zochepa, koma shafuti ya makina akale ilibe pogula, ndipo ikaphwanyika ngakhale nati yoyenera ija sidzakhalanso bwino. Nati yoyenera imalowa ndi zala zokha mpaka kukagunda kumapeto. Ikafuna sipanala isadafike, si yake.

Ndipo nkhaniyi si ya ndalama zokha. Mota zambiri zimene owotcherera amaika pa makina opanga okha zimazungulira maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi. Ngati mapule a mota ndi a shafuti ali ofanana, thabwa la masentimita 30 m'mimba mwake limathamanga m'mphepete pa liwiro la makilomita pafupifupi 80 pa ola. Chipika cha mlombwa chothamanga chonchi chikapulumuka pa nati yogwira mazinga awiri okha, chimapita kumaso kwa mmisiri kapena kwa mwana wophunzira ntchito amene waima pafupi. Mbale yaikulu iyenera kuyambidwa pang'onopang'ono, maulendo 500 kapena kucheperapo, ndipo nati igwire mazinga onse.

Nati ikapezeka

Kupeza nati ndi theka chabe la ntchito. Manati a m'sitolo adapangidwira kumanga zitsulo, choncho nkhope yake siikhala yowongoka ndendende ndi mazinga ake. Pa mlatho kapena pa denga zimenezi sizioneka. Pa lathe kupendeka kochepa pakati kumakula kukafika m'mphepete mwa mbale, thabwa n'kumavina. Kuwotcherera kumawonjezera vutoli, chifukwa chitsulo chikamazizira chimakokera mbali imene yawotchedwa. Wowotcherera wodziwa amayamba ndi timadontho, kuno kamodzi, kutsidya kamodzi, kenako mbali ziwiri zotsalazo, asadazungulize. Mkati mwa nati amalowetsamo bawuti ya saizi yomweyo kuti zothetheka zisamatirire pa mazinga. Nati yonyezimira ija imakhala yokutidwa ndi zinki, ndipo utsi wake umadwalitsa, choncho aipale kaye pamalo powotcherapo n'kugwira ntchitoyo panja. Chimene sayenera kuyesa n'komwe ndi kuwotcherera nati ili pa makina: magetsi amadutsa m'mabeling'i n'kuwadyetsa, ndipo kutentha kungapinde shafuti.

Chimbale chikhale cha chitsulo chofewa, chokhuthala mamilimita 6 mpaka 8, chokhala ndi mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi. Ngakhale chitawotcheredwa mosamala, kugwedera pang'ono kumatsala. Mankhwala ake ndi kumangirirapo thabwa lolimba lozungulira, kuliika pa makina omwewo n'kulisalaza kumaso ndi chizulo. Nkhope yatsopanoyo imakhala yowongoka ndi shafuti, ndipo ntchito zonse zizimangidwa kapena kumatidwa pamenepo. Masikuluwu akuda aja a siling'i asagwiritsidwe ntchito apa, chifukwa ndi ouma ndipo amathyoka mwadzidzidzi.

Chinanso chimene ambiri sachiona chili kumapeto kwa mazinga a shafuti. Pamakhala kagawo kosalala kopanda mazinga, kenako phewa. Chimbale cha kufakitale chimakhala chokumbidwa mkati kuti chidutse kagawoko n'kukatsamira pa phewalo, pakuti phewa ndilo limawongola, mazinga amangokoka. Nati wamba ili ndi mazinga mpaka kukamwa, ndiye imaima isadafike. Pamafunika kuchotsa mazinga awiri oyamba ndi tupa lobulungira kapena kuikapo washala wokhuthala, wosalala mbali zonse. Ena amaikanso kawashala kopyapyala ka pulasitiki wa chigubu kuti chimbale chisakanirire pochimasula.

Nati ikasoweratu, koma bawuti ya mazinga oyenera ilipo, mtengo womwewo ungathe kukhala nati. Bawutiyo imasongoledwa pang'ono kunsonga ndi girayinda, n'kuisema mizere itatu kapena inayi m'litali, motero imasanduka chosemera mazinga. Pa thabwa lolimba ngati muwanga kapena mlombwa pamabooledwa bowo locheperapo, la mamilimita 22 pa shafuti ya inchi imodzi, kapena 29.5 pa M33. Bowolo liboole thabwa cham'mbali, lisatsate mitsempha ya mtengo, chifukwa mazinga osemedwa motsata mitsempha amanyotsoka. Bawuti ilowe pang'onopang'ono, ikubwezedwa m'mbuyo kuti utuchi utuluke, kenako mazingawo athiridwe supa guluu kuti aume gwa. Zogwirira zamtengo zoterezi si za chipika cholemera ayi. Koma pa timbale, zivundikiro ndi pomata sandipepala zimagwira ntchito bwino, ndipo mmisiri angakhale nazo khumi osagula chitsulo.

Njira yotsiriza ndi ya kwa osema zitsulo ku tauni, amene ali ndi lathe ya zitsulo yotha kusema mazinga a mkati, a kumanja kapena a kumanzere. Kumeneko munthu apite ndi shafuti yeniyeniyo, ataimasula pa makina, kuti mmisiri azisema akuyesa. Afunsenso ngati makina a pamalopo angathe kusema muyezo umene akufuna. Lathe ya mainchi kuti iseme mazinga a mamilimita, kapena ya mamilimita kuti iseme a mainchi, imafuna giya ya mano 127, chifukwa inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo 25.4 kuchulukitsa kasanu ndi 127. Pamene giyayi idatayika, amisiri ena amangoyandikiza ndi magiya ena. Pa nati yaifupi kuyandikizako nthawi zina kumakwanira, koma iyesedwe pa shafuti ndalama isadaperekedwe. Ngati munthu wafika kale kumeneko, kuli bwino asemetse kachitsulo kolumikiza, kolowa pa shafuti yake mbali imodzi, mbali inayo kokhala ndi mazinga a nati yopezeka wamba. Akatero sadzabwererakonso pa chimbale chilichonse chimene angafune mtsogolo.

Kuyambira pa nati

Kwa owotcherera amene amapanga makinawa konkuno ndili ndi pempho limodzi. Kawirikawiri amayamba ndi shafuti imene yapezeka, kaya ya galimoto yakutha kaya ya chigayo, n'kumanga makina onse moizungulira. Za nati zimakumbukiridwa pomaliza, ndipo ena pothedwa nzeru amangowotcherera kachitsulo ka mano kunsonga ya shafuti mpaka kalekale, makinawo n'kukhala a miyendo ya mabedi basi. Ntchitoyi iziyambira ku hadiweya. Afunse nati yaikulu imene imapezeka nthawi zonse, M24 kapena M30, agule zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, ndipo shafuti isemedwe motsata manatiwo. Ikhale yokulirapo kuposa mazinga kuti patsale phewa. Saiziyo ilembedwe ndi penti pamutu pa makina, kuti wodzawagula mawa kapena mwana wodzawalandira asadzayambirenso kukulunga timapepala.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse kuchoka pa Kamphata mpaka kumalire a Dzalanyama, udayambira kuno ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, kenako udakonzedwanso ku Kenya. Oupanga adaganizira poyamba za munthu wodzaukonza. Adachepetsa mitundu ya manati kuti komiti ya pamudzi ithe kutsegula mutu wa mjigo ndi sipanala imodzi, ndipo pulani yake adaisiya poyera kuti fakitale iliyonse ipange zipangizo zolowana. Mijigo imawonongeka ndithu, ndipo ndalama zokonzetsera zimavuta, koma mayi wa m'komiti akapita kukagula raba kapena ndodo ya Afridev safunsidwa kuti ndi ya mazinga anji.

Wina angafunse chifukwa chotayira tsamba lonse la nyuzipepala pa kanthu kokwana m'dzanja. Yankho langa lili ku mitengo. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mitsinje ya Diamphwe ndi Lilongwe, idatetezedwa ndi boma mu 1922, koma makala aidya mpaka mu 2015 kudatumizidwa asilikali kukailondera. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020. Phingo adalowa pa mndandanda wa mitengo yoyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko, wa pangano la CITES, pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, ndipo mlombwa ndi mbawa zidatsatira mu 2022. Thabwa la mtengo wachilengedwe lero ndi lodula ndiponso losowa. Komabe m'mashedi ambiri zidutswa zotsala podula chitseko kapena bedi zimathera pamoto. Chidutswa cha mlombwa chotalika chikhatho chimodzi sichingakhale mwendo wa tebulo, koma chingakhale bakuli la shuga, choikapo kandulo kapena kambale kokagulitsidwa pa msika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town. Nthambi ya mango kapena ya malaina yogwa ndi mphepo ingakhale mbale. Mmisiri wokhala ndi chimbale amapeza ndalama pa mtengo umene udadulidwa kale, osafuna wina.

Bungwe la TEVETA, limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira mu 1999, ndi makoleji monga Namitete ndi Lilongwe Technical, akadaonetsetsa kuti wophunzira ukalipentala aliyense, osati wa zitsulo yekha, akutuluka akudziwa kuwerenga mazinga. Ndi phunziro la tsiku limodzi. Eni mahadiweya a pa Mitundu ndi pa Nathenje akadasunga pa kauntala kachipangizo ka timasamba toyezera mazinga, kamene mtengo wake sufika wa thumba la simenti, pamodzi ndi thabwa lokhomapo mabawuti a masaizi osiyanasiyana oti ogula aziyesapo. Kangathandize wa chigayo, wa ngolo ndi wa thirakitala chimodzimodzi.

Ndipo pafupi pomwepa, ku Bunda, pali ophunzira a uinjiniya wa zaulimi a pa yunivesite ya LUANAR amene chaka ndi chaka amasaka makina oti apange pomaliza maphunziro. Mmodzi mwa iwo atajambula pulani ya lathe yoti wowotcherera aliyense wa m'derali aitsatire, ingakwane pa pepala limodzi: shafuti ya mamilimita 40 pa mabeling'i awiri a UCP 208, nsonga yosemedwa M30 x 3.5 yolowera kumanja, pule ya masitepe atatu yotsitsa liwiro kufika pa 500, ndi zimbale ziwiri zoperekedwa pamodzi ndi makinawo.